Pakamwa Panga Panathawitsa Marefa Onse a M'boma Lathu

1

Dzina langa ndi Zagorka, koma kuno ku Mala Jasenka ngakhale wansembe amangonditchula kuti Azakhali. Sukulu sindinapite nayo patali. Aphunzitsi ankati mutu ndili nawo, koma pakamwa panaukulira. Nkhani yangayi ena mwaimva kale kumsika, yothyoka miyendo. Lero imveni kwa mwini wake, ndipo wofuna kuseka aseke, ine manyazi ndinamaliza chaka chatha.

Mudzi wathu ulibe zambiri. Sukulu anatseka, basi imabwera ikafuna, anyamata ambiri anathera ku Jeremani. Chatsala ndi tchalitchi, mitengo ya mapulamu ndi bwalo la mpira. Bwalolo analambula ndi malemu amuna anga, a Milisav, ndi manja awo, ndipo dzina lawo lili pachipata. Chimwalirireni iwo ine ndinkavala zakuda, ndipo Lamulungu lililonse la mpira ndinkakhala pabenchi yakutsogolo, ambulera ili pamiyendo.

Ntchito zanga pabwalopo zinali ziwiri. Yoyamba inali kuphikira refa. Mwambo wathu ngwoti woimbira mpira sachoka ndi njala. Masewero akatha, timu ya pakhomo imamukhazika patebulo, nyama ya nkhumba yootcha, kabichi, ndi kakapu ka rakiya, kachasu wathu wa mapulamu. Ntchito yachiwiri inali kumutukwana asanadye.

Musandiweruze msanga. Ine sindinkatukwana zolaula ngati zidakwa. Zanga zinali zosema bwino.

"Refa iwe! Maso wasiya mumtsuko wa kabichi?"

"Nkhumba yanga ili kukhola uko, koma ofusayidi imeneyi yaiona!"

"Thamanga, bambo! Pamalirotu anthu amayenda mwachangu kuposa pamenepo!"

Bwalo lonse linkagwa ndi phwete. Anthu ankachokera midzi ina, osati kudzaonera mpira, poti mpira wathu ngakhale mbuzi inkaufulatira, koma kudzamva kuti Azakhali anena chiyani lero.

Amene ndinkawakonda kwambiri kuwasenda anali a Dobrivoje. Bambo wamtali, wowonda ngati mpini, wadazi, wamagalasi, wopuma pantchito ya positi, mkazi wawo anamwalira kale. Iwo sankayankha. Ankangokweza nsidze imodzi n'kupitiriza kuthamanga. Patebulo ndinkawaponyera mbale kuti gwa!

"Idyani, akhungu inu. Mwina nyama ikutsegulani maso."

Tsiku lina Bosiljka, mwana wa mlongo wanga Vukota, mtsikana wamkulu ndithu amene amagwira ntchito kufakitale ya mkaka, anandiyang'ana mwachidwi tili kukhitchini.

"Azakhali, bwanji mbale ya a Dobrivoje yokha simuthiramo tsabola?"

"Tsabola ndi wa anthu," ndinatero. "Refa ndi munthu?"

Anaseka, nkhani n'kutha. Moyo wanga unali womwewo: Lamulungu kubwalo, Lachinayi kukwera basi kupita kutauni kukagulitsa tchizi ndi kukaonetsa mawondo kwa dokotala.

2

Vuto la pakamwa ndi lakuti pamabereka. Amuna a m'mudzi anayamba kuloweza mawu anga ngati nyimbo za m'tchalitchi. A midzi ina anawatenga kukawadzala kwawo. Koma ine ndinkatukwana kenaka n'kuphika. Iwo ankatukwana kenaka n'kutola miyala.

Refa wina, mphunzitsi wa masamu, anamutsekera m'chipinda chovalira pamodzi ndi tonde. Wina anapeza matayala a galimoto yake onse ali phwa. Wina wachinyamata, wongoyamba kumene, ine ndinangomufunsa ngati amayi ake akudziwa kuti watuluka panja yekha. Bwalo lonse linaimba mawu amenewo mpaka mpira kutha, ndipo mwana wa eni ake anadya nyama yanga misozi ikugwera m'mbale. Sanaimbirenso mpira, kuno kapena kwina kulikonse.

Mmodzimmodzi anatha ngati mano a nkhalamba. Kale marefa a m'boma lathu akakumana ankadzaza holo. Pofika chaka chatha akanakwana panjinga imodzi. M'midzi ina masewero ankalephereka, osewera n'kumangokhala pakapinga kudikira munthu wosabwera. Wolimba mtima kubwera ku Jasenka anatsala mmodzi yekha: a Dobrivoje.

Ndiye linafika tsiku lija. Anakana chigoli chathu, choonekeratu ngati dzuwa. Ine ndinaimirira, ambulera m'mwamba.

"Mutu ngati dzira! Wangosowa wouswa kuti tione ngati muli kanthu!"

Anthu anaseka. Kuseka kusanathe, mwala unachokera kumbuyo kwanga n'kuwapeza pamwamba pa khutu. Magalasi uko, iwo uku.

A Dobrivoje anadzuka okha, magazi akutsikira m'kolala. Anatola magalasi, anavula wezulo m'khosi, n'kuiika pakati penipeni pa bwalo ngati munthu woika maluwa pamanda. Sanayang'ane woponya mwala. Anayang'ana ine. Nsidze sinakwere.

Anapita osadya. Chiyambireni bwalo la a Milisav, refa anali asanachokepo ndi njala. Nkhumba yonse inazizira patebulo, ndipo Lachinayi lotsatira ine kutauni sindinapite. Ngakhale linalo.

3

Vukota, mlongo wanga wamng'ono, ndiye wapampando wa timu yathu. Anabwera kwanga masana akuchokera kumsonkhano wa akuluakulu a ligi, nkhope ili ngati kabichi wa chaka chatha. Sanavule ngakhale chipewa.

"Achemwali, mwatimaliza."

"Khala pansi, ndikuthirire khofi."

"Khofi wanu ndamukana. Lamulungu tili ndi mpira wotsiriza, ndi a ku Topolica. Palibe refa amene wavomera. Wina akuti ali ndi chimfine, wina akuti agogo ake amwalira, agogo omwewo anamwalira chaka chatha. Akuluakulu anena kuti mpirawu ukapanda kuseweredwa, atichotsa muligi. Ndipo mukudziwa zimene a khonsolo akuyembekeza. Bwalo lopanda timu alipereka kwa bambo wa macheka kuti aunjikepo matabwa ake."

"Bwalo la a Milisav?"

"Lomwelo. Ndi chipata chomwe, ndi dzina lomwe."

Pamenepo khofi anandiwawa mkamwa.

"Kuwina sikofunika," anapitiriza. "Atigoletse khumi, palibe kanthu, bola wezulo yoyamba ndi yotsiriza zilire. Anthu m'mudzi muno akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa mukupita kwa a Dobrivoje kukagwada."

Tamverani anthu! Omwe aja ankaseka mpaka kugwira nthiti, lero onse asanduka angelo, mfiti ndatsala ndekha.

"Sindipita."

"Mupita."

"Chabwino, ndipita ndekha pabasi."

"Kuti mukawatukwanenso pakhomo pawo? Ndikutengani pagalimoto, ndikamve ndi makutu angawa."

"Mawondo akundipweteka."

"Ndikunyamulani."

Ndinayesa zonse. Ndinati ndalota zoipa, ndinati nkhumba ikudwala, ndinati mawa ndi tsiku la woyera mtima wina amene ndinangomupeka pomwepo. Vukota sanasunthe. Iye ankaganiza kuti ndikuopa kupepesa. Ndikanakonda chikanakhala chimenecho.

4

Nyumba ya a Dobrivoje ili kumapeto kwa tauni, kuseri kwa mpanda wobiriwira. M'njira monse Vukota ankandiphunzitsa mawu.

"Mukanene kuti, 'Bambo Dobrivoje, ndinalakwa.' Basi. Musakawonjezere za kabichi."

"Khota kumanzere apa," ndinatero, "kutsogoloko akukumba msewu."

Anandiyang'ana. "Mwadziwa bwanji?"

"Aliyense akudziwa."

Titaima pachipata, chigalu chakuda chinatulukira ngati mphepo, mano onse panja. Vukota anabwerera m'galimoto mwaliwiro limene sindinaliwonepo chibadwireni chake.

"Achemwali, thawani! Galu ameneyu anang'ambapo buluku la wapolisi!"

Koma chilombocho chitandiona chinayamba kulira ngati mwana, mchira uli pikupiku, n'kudzigwetsa chagada pamapazi panga.

"Choka, Garo, undidetsera siketi," ndinanong'ona.

Vukota anatsitsa galasi pang'ono. "Mwamutchula dzina?"

"Agalu onse akuda ndi a Garo. Tsika."

A Dobrivoje anatsegula chitseko, bandeji ili pakhutu. Anapatsa moni Vukota yekha, ine anangondipatsa njira. Tsono kwathu kuno munthu sulowa m'nyumba ya mwini ndi nsapato. Umavula pakhomo, mwini nyumba n'kukupatsa masilipasi a alendo. Vukota anavula, n'kuima ndi masokosi obooka kudikira kuti apatsidwe.

Ine mutu unali pa mawu opepesa aja. Koma mapazi alibe nzeru, abale anga. Mapazi anavula nsapato okha, dzanja linapita lokha kuseri kwa kabati, n'kutulutsa masilipasi ofiira aubweya, ang'onoang'ono, opindika chidendene cha kumanzere monga momwe nsapato zanga zonse zimapindikira. Ndinavala. Ndinalowa kukhitchini. Ndinatsegula kabati yachiwiri, n'kutsitsa chitini cha khofi chimene chinalembedwa kuti mchere. Ndinayatsa moto.

Nditatembenuka, Vukota anali chiimire pakhomo, kukamwa kuli yasa. Anayang'ana masilipasi. Anayang'ana galu, amene anali atagoneka mutu paphazi langa. Anayang'ana a Dobrivoje.

"Ubweya wofiira uwo," anatero pang'onopang'ono, "si uja munapempha kwa mkazi wanga kuti mukulukira mwana wamasiye?"

"Amasiye ndi awa," ndinatero. "Ndipo inenso."

Vukota anakhala pansi osapatsidwa mpando.

"Ndiye Lachinayi lija... dokotala wa mawondo uja..."

"Ndi ameneyu. Ndipo mawondo akupeza bwino, zikomo pofunsa."

5

Tsopano mwadziwa. Ndikuuzeni mmene zinayambira, poti Vukota nayenso anafunsa, atamwa madzi.

Zaka zapitazo ndinawagenda a Dobrivoje ndi ambulera yanga yomweyi. Lachinayi lotsatira ndili kumsika ndi tchizi, ndinangoona munthu wamtali waima patsogolo panga, ambulera ili m'manja, atailumikiza nthiti zake zothyoka.

"Mayi, munaiwala katundu wanu pamsana panga."

Munthu wotere ungamutani? Ndinamwa nawo khofi. Lachinayi linalo ndinamwanso. Kenaka ndinaluka masilipasi.

Kuulula sikukanatheka. Ine mkazi wa a Milisav, wovala zakuda, wokhala pansi pa dzina lawo, ndipezeke ndi refa? Komanso lamulo la ligi limakana munthu kuimbira timu ya kuchibale kwake. Anthu akanangonunkhiza, wezulo iliyonse ya a Dobrivoje akanati ndi ya chibwenzi. Choncho ndinawonjezera moto pa zitukwano kuti utsi ubise nyumba. Lachinayi tinkakhala pakhitchini pomwepa n'kumaseka, iwo akundipatsa mamalikisi ngati aphunzitsi. "Ya nkhumba ija inali bwino, Zaga. Ya maliro ija unabwereza." Tsabola sadya chifukwa ali ndi zilonda za m'mimba. Kangapo konse anandipempha kuti timange ukwati, ine n'kumati tidikire ligi ithe. Ligi inkatha, ina n'kuyamba.

Koma tsiku limeneli sanaseke. Anakhala moyang'anana nane, khofi osamukhudza.

"A Dobri," ndinayamba, "ndinalakwa."

"Ine ndinkadziwa kuti ukuseka, Zaga. Woponya mwala uja sankadziwa. Mnyamata uja analirira m'mbale yako sankadziwa. Ndinamuphunzitsa ndine kugwira wezulo, mwana ameneyo. Onse amene ndinawaphunzitsa anasiya. Ndikawaimbira foni amandifunsa kuti, 'Bambo, tizikatukwanidwa chifukwa cha mbale ya nyama?' Ndiwayankhe chiyani?"

Ndinayang'ana masilipasi.

"Mwala sunandipweteke kwenikweni," anatero. "Mutuwu ndi wolimba kuposa dzira. Koma Lachinayi ndinakhala apa ndi makapu awiri. Garo anagona pachipata mpaka dzuwa kulowa."

"Ndinachita manyazi."

"Iwe? Manyazi?" Nsidze inayesa kukwera, koma inabwerera.

Vukota anakhosomola. "Bambo Dobrivoje... kaya ndizikutchulani kuti chiyani tsopano... za Lamulungu zija."

"Ndibwera," anatero. "Chifukwa cha Milisav, anali munthu. Koma mverani. Ndikangomva chitukwano chimodzi, cha Zaga kapena cha wina aliyense pabwalopo, wezulo ndiisiya pakati, ndipo matabwa abwere. Ukatero, Vukota, udzabwere udzatenge masilipasi awa. Ndatopa kukhala mwamuna Lachinayi, galu Lamulungu."

Garo anadzutsa mutu.

"Pepa, Garo," anatero.

Tili m'galimoto, titafika pakati pa njira, Vukota anamenya chiwongolero.

"Pakamwa panu tikhoza kumanga ndi nsalu. Nanga bwalo lonse? Nanga Obrad wa thirakitala, amene amatukwana ngakhale pa ubatizo? Munawaphunzitsa nokha, Achemwali. Mapanga awiri avumbwitsa, mwaona?"

"Yendetsa galimoto," ndinatero. "Ndipo ukafika undibwereke bukiliya ya bambo athu."

"Ya chiyani? Akukwatiwa ndani?"

"Yendetsa galimoto."

6

Bukiliya ndi botolo lathabwa, lozokotedwa maluwa, loitanira anthu ku ukwati. Wa m'banja amalidzaza rakiya, n'kuyenda nalo khomo ndi khomo. Ukamwako, wavomera: ndiwe mlendo wa ukwatiwo, ndipo umamangirira kampango pa lamba wake kuti aliyense aone. Ndipo chiyambire makolo athu, munthu amene wamwa bukiliya sanganyoze mkwati wake. Ukatero nyumba yako imanunkha mpaka zidzukulu.

Lamulungu bwalo linadzaza mpira usanayambe. A ku Topolica anabwera pa mathirakitala awiri. Vukota anali atayenda nyumba ndi nyumba kupempha anthu kuti atseke pakamwa, ndipo onse analonjeza, monga momwe chidakwa chimalonjezera Lolemba m'mawa.

Ine ndinatulukira pachipata, zakuda zanga zomwe zija, bukiliya ili pachifuwa, nditaikongoletsa ndi maluwa ndi thawulo loyera.

"Eee! Ukwati!" anakuwa amayi ena. "Azakhali, mwanyamula nokha? Anyamata a m'banja ali kuti?"

"Ali ku Jeremani. Imwani."

"Wa ndani?"

"Wa m'nyumba mwathu. Imwani, mzere ndi wautali."

Onse anatembenukira kwa Bosiljka, amene anali pachipata akulandira anthu. Mudzi wonse unali utatopa kale kumufunira mwamuna. Azakhali ake anyamula bukiliya, ndiye mkwatibwi angakhalenso ndani? Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana nkhalamba ya zakuda. Anamwa. Wansembe anamwa. Wogulitsa nyama anamwa. Obrad wa thirakitala anamwa kawiri, n'kumangirira chimpango chake chamafuta a injini. Ndinawolokera kwa a ku Topolica, nawonso sanakane, poti rakiya waulere alibe timu. Bukiliya ikauma ndinkaidzaza ndi chigubu chimene ndinabisa pansi pa benchi.

Bosiljka anandipeza nkhope ili psuu.

"Azakhali, amayi asanu andipsompsona. Wansembe akundifunsa tsiku. Mwandikwatitsa kwa ndani?"

"Mwana iwe, ingomwetulira. Ukuchitira bwalo la amalume ako."

A Dobrivoje analowa, bandeji ili mbee padzuwa. Anaona bukiliya, n'kupita kukagwira Bosiljka chanza. "Mulungu akudalitse, mwanawe." Mtsikana anangoyang'ana kumwamba.

Wezulo inalira. Abale, sindinaonepo mpira wotero. Bwalo lonse lili chete ngati m'chipatala. Refa akaimba, anthu ankangofufuma masaya n'kumeza. Bambo wina analuma chipewa. Ine mawu ankabwera okha, okoma, atsopano, ena oti sindinawaganizepo, n'kumagunda kumbuyo kwa mano ngati ana a nkhumba pakhomo la khola. Ndinaika pulamu louma mkamwa. Litatha ndinaika lina.

Tinapirira mpaka mpira unatsala pang'ono kutha, opanda chigoli mbali zonse. Ndiye wosewera wa Topolica anaumenya mpira, n'kumugunda Stanimir, wotchinga kumbuyo wathu, pachifuwa. Pachifuwa, ndikunenetsa! Ndinaona ine, anaona wansembe, inaona nkhumba yanga kukhola.

Pyeee! A Dobrivoje analoza pakadontho, ati mpira wagunda mkono. Penate.

Ndinamva bwalo lonse likukoka mpweya. Kumbuyo kwanga benchi inalira, Obrad akuimirira, manja atazinga kale pakamwa.

"Refa iwe! Mutu ngati..."

Ndinamukola khosi ndi chogwirira cha ambulera n'kumukhazika pansi. Ndinalavula nthanga ya pulamu, ndinakwera pabenchi ndi mawondo anga omwewa, n'kukweza bukiliya m'mwamba, timipango tonse tili lendelende.

"Obrad! Chimpango chonunkha dizilo ichi n'cha ndani?"

"N'changa, Azakhali, koma..."

"Unamwa?"

"Ndinamwa."

"Kawiri! Nonsenu munamwa! Abambo wansembe, munamwa kapena ayi? A ku Topolica, inu simunamwe? Tsono tsegulani makutu. Bosiljka sakukwatiwa, musiyeni mwana apume. Mkwatibwi ndine. Ndipo mkwati amene mwamwa rakiya wake ndi uyo waima apoyo, wa dazi, wa bandeji. Amene akufuna kunyoza mkwati pamaso pa wansembe, ayambe. Ndikumvetsera."

Mukanamva ntchentche ikutsokomola. Obrad anatseka pakamwa ndi manja ake omwe. Mayi wina anadzilemba mtanda. Vukota anaphimba nkhope ndi chipewa. Wapampando wa Topolica anayamba kuimirira kuti adandaule kuti refa ndi mlamu wa Jasenka, koma mnzake anamukoka jekete: "Khala pansi, chitsiru, penateyo ndi yathu."

Wezulo inagwa mkamwa mwa a Dobrivoje n'kulendewera pachifuwa. Anayenda pang'onopang'ono kubwera kumzere. Ine ndinatsika pabenchi n'kulowa m'bwalo kukakumana nawo.

"Zaga," anatero motsitsa, koma bwalo lonse linamva. "Mkwatiyo unamufunsa?"

"Munafunsa ndinu, kambirimbiri. Yankho linachedwa ndi basi."

Kenaka nsidze ija inakwera, mpaka pafupi ndi dazi. Anapisa dzanja m'thumba. Ine ndinati mwina mphete. Anatulutsa khadi yachikasu n'kuikweza pamaso panga.

"Wolowa m'bwalo mpira uli mkati. Bwerera pabenchi, mayi."

Analanda bukiliya, anamwako, n'kundibwezera.

Phokoso limene linabuka pamenepo analimva ku Topolica. Anthu ankaseka, ena akulira, wansembe akuomba m'manja. Penate inamenyedwa, goloboyi wathu anagwera kumanja, mpira unapita kumanzere. Tinaluza ndi chigoli chimodzi. Wezulo yotsiriza italira, anthu a Jasenka anavina ngati atenga chikho, ndipo wa macheka uja, amene anabwera kudzayeza bwalo ndi maso, anakwera galimoto yake mwakachetechete.

Patebulo mbale ndinaiika pang'onopang'ono. Obrad anabwera chipewa chili m'manja, n'kuima pambali pa a Dobrivoje ngati ng'ombe yonyowa. Palibe anamufunsa za mwala. Anangoti, "Bambo, nkhumba ya paukwati ndi yanga," ndipo a Dobrivoje anati, "Ikhale yonona."

7

Tinamanga ukwati mapulamu atapsa. Zakuda ndinavula. Ndinapita kaye kumanda kukawauza a Milisav, ndipo poti sanayankhe ndinati avomera.

Koma lamulo ndi lamulo. A Dobrivoje tsopano ndi mkamwini wa Jasenka, sangatiimbirenso mpira. Ndinapulumutsa bwalo n'kulilanda refa wake wotsiriza. Akuluakulu a ligi anati mudzi umene ukufuna refa uyambe wapereka munthu wake akaphunzire, kuti midzi izibwerekana. Amuna onse aja odziwa malamulo kuposa buku anayang'ana pansi. Anaimirira ndi Bosiljka.

"Ngati ndinapirira kupsompsonedwa ndi mudzi wonse chifukwa cha ukwati wa eni," anatero, "zitukwano n'chiyani?"

Amamuphunzitsa ndi a Dobrivoje, pamodzi ndi ena owerengeka amene anawanyengerera. Mnyamata wolirira m'mbale uja ndinapita ndekha kwawo ndi tchizi. Anandilandira bwino, tchizi analandira, koma wezulo anakana. Ameneyo ndiye amandikhala pamtima. Sikuti zonse zimakonzeka ndi rakiya.

Tsono inu owerenga, makamaka inu a pakamwa pothwa ngati panga. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Wanga unandipeza uli ndi mwala m'manja. Munthu wa wezulo amene mukumusenda Lamulungu ali ndi khitchini yake, galu wake, mwina ndi masilipasi a munthu wina kuseri kwa kabati. Mukamuthamangitsa, simudzatsala ndi refa wabwino. Mudzatsala ndi matabwa.

Ine pabenchi yanga ndimakhalabe, ndi ambulera yomwe ija, koma masiku ano ndimafulatira mpira n'kuyang'ana anthu. Bosiljka akakaimbira kumidzi ina ndimapita naye, ndipo kumeneko amandidziwa. Wina akangokoka mpweya, ndimangokweza ambulera pang'ono, n'kuona munthu akumeza mawu ake ngati mankhwala.

Zitukwano zanga sizinathe, musanamizidwe. Ndimazisunga za m'nyumba, za munthu mmodzi amene amadziwa kuti ndikuseka. M'mawa uliwonse ndimawaikira khofi patebulo, nditavala masilipasi anga ofiira, n'kuwanong'oneza kukhutu labwino lija:

"A Dobri, unali pachifuwa."

Iwo amamwa khofi, n'kukweza nsidze.

"Unali pamkono, Zaga. Ndipo khadi ija sinafufutidwe. Yachiwiri ndi yofiira."